Ubongo Ukavulala Angaukonze Ndani? Mawu kwa Ophunzira a ku Rumphi

 Chitumbuka changa chimathera pa moni ndi pa yewo, choncho mundilole ndiyankhule m'Chichewa. Mundikhululukirenso mawu akamanjenjemera, chifukwa ndakwera msewu wa Gorodi wobwera kuno ku Livingstonia m'mawa uno ndipo mtima sunakhale m'malo.

Malume anga anali mlimi wa fodya wa bale. Tsiku lina m'mawa akusoka fodya m'chigafa, singano inagwa m'manja mwawo. Anaweramira pansi kuti aitole koma dzanja linakana. Pamene azakhali ankafika, kamwa linali litapotokera kumodzi, mawu akutuluka ngati a munthu woledzera. Inali sitiroko. Anakhala zaka zingapo akukoka mwendo, dzanja lili lende. Mawu atabwererako pang'ono anandifunsa funso, poti ine ndiye ndinali mwana wa sukulu pabanjapo. Anati bala la khasu limapola, fupa lothyoka limalumikizana, buluzi akaduka mchira wina umamera, nanga m'mutu mwangamu chavuta n'chiyani? Ndinalibe yankho. Lero ndabwera ndi theka lake, ndipo theka linalo ndi ntchito imene ndikufuna kukukopani kuti muiganizire.

Mu ubongo wa munthu muli maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni. Ochuluka mwa iwo anapangidwa tisanabadwe, ndipo akakhwima saberekananso. Khungu ndi magazi zili ndi mwayi umene ubongo ulibe. Pansi pa khungu ndiponso m'mafuta a m'mafupa muli maselo osakhwima amene ntchito yawo ndi kubala ena olowa m'malo mwa akufa. Asayansi amawatcha stem cell. Inu a kuchigwa cha Henga simufunika kuuzidwa zambiri: ndi nazale. Mbande ikafa m'munda, mlimi amene ali ndi nazale amapita kukazula ina n'kupakiza. Amene alibe amangoyang'ana phando lopanda kanthu mpaka nyengo ithe.

Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain, amene anajambula maselo a ubongo mwaluso losaneneka n'kulandira mphoto ya Nobel mu 1906, anaphunzitsa kuti ubongo wa munthu wamkulu ulibe nazale. Joseph Altman anaona maselo atsopano mu ubongo wa makoswe m'zaka za m'ma 1960, koma anzake sanamulabadire. Mu 1998 Peter Eriksson ndi Fred Gage anaonetsa umboni woti ngakhale mwa anthu akuluakulu maselo atsopano amabadwa m'kachigawo kothandiza kukumbukira kotchedwa hippocampus. Kuchuluka kwake akatswiri akukanganabe. Chodziwika n'chakuti kanazale kameneka n'kochepa kwambiri, sikangapakize munda wonse wa malume anga.

Ndiye anthu anaganiza zofesa nazale kunja kwa thupi. Nkhaniyi, mudabwe, inayambira pa chule wa kuno ku Africa wotchedwa Xenopus. Mu 1962 John Gurdon wa ku Oxford anatenga phata la selo ya m'matumbo a mbululu, n'kuliika m'dzira la chule limene analichotsa phata lake, ndipo munatuluka mbululu yathunthu. Tanthauzo lake linali lakuti selo ikakhwima siyitaya malangizo opangira thupi lonse, imangowatsekera. Panapita zaka 44 kuti munthu apeze kiyi. Mu 2006 Shinya Yamanaka wa ku Kyoto analowetsa majini anayi okha m'maselo a khungu la mbewa, ndipo maselowo anabwerera ku ukhanda, okhoza kusanduka mtundu uliwonse wa selo. Chaka chotsatira anachita chimodzimodzi ndi maselo a munthu. Maselo oterewa amatchedwa iPS. Gurdon ndi Yamanaka anagawana mphoto ya Nobel mu 2012. Lero kachidutswa ka khungu kapena timagazi ta m'kabotolo kamodzi tikhoza kusandutsidwa maselo a ubongo a mwini wake yemweyo.

Ndikufuna mudziwe mmene ntchitoyi imaonekera tsiku ndi tsiku, chifukwa ambiri amaikonda pa kanema koma amaithawa akaiona. Maselo amakhala m'timbale tapulasitiki, m'madzi ofiirira okhala ndi shuga, mchere ndi zakudya zina. Timbaleto timasungidwa m'bokosi lotentha madigiri 37, ngati thupi la munthu, mpweya wake woyezedwa bwino. Maselo a iPS ndi ovuta kulera: madzi awo amasinthidwa pafupipafupi, nthawi zambiri tsiku lililonse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, kaya kuli ukwati kaya kuli maliro. Umavala magolovesi, umapopera spiriti chilichonse chimene ukhudze, sulankhula pamwamba pa mbale yotsegula. Kachilombo kamodzi kakalowa, m'mawa mwake umapeza madzi aja achita chikasu ndi mbuu, ndipo ntchito ya miyezi iwiri yapita kudzala. Otsala umawasunga m'madzi a nayitrojeni ozizira madigiri 196 pansi pa ziro. Magetsi akazima usiku wonse jenereta osadzuka, m'mawa ndi maliro ako. Amene analerapo nazale mu Okutobala, kutunga madzi m'mawa ndi madzulo dzuwa likuswa mtengo, khalidwe la ntchitoyi ali nalo kale. Chimene akusowa ndi zipangizo basi.

Kodi kuwokera maselo mu ubongo kwatheka? Pa matenda amodzi pali chiyembekezo chenicheni. Matenda a Parkinson, aja onjenjemeretsa manja ndi kuumitsa thupi, amabwera pamene mtundu umodzi wa maselo, opanga dopamine, wafa pa kamalo kamodzi. Mtundu umodzi, malo amodzi: ndi phando loti ukhoza kupakiza. Ku Lund m'dziko la Sweden, Anders Björklund ndi Olle Lindvall anayamba kuyesa zimenezi kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mu 2023 gulu la Malin Parmar la komweko linaika mwa wodwala woyamba maselo opangidwa kuchokera ku stem cell. Ku Kyoto gulu la Jun Takahashi linayamba mayeso ake mu 2018 ndi maselo a iPS, ndipo zotsatira za odwala asanu ndi awiri zinatuluka mu 2025: maselo anakhazikika, anapanga dopamine, sanayambitse chotupa, ndipo ena mwa odwalawo anapezako bwino. Asanu ndi awiri. Muwerenge nambalayo kawiri musanaombe m'manja.

Sitiroko ndi nkhani ina. Magazi akaleka kufika pa chigawo cha ubongo, simufa mtundu umodzi wa maselo. Imafa mitundu yambirimbiri, pamodzi ndi mitsempha yake ndi njira zonse zolumikizirana zimene munthuyo anazipanga kuyambira akukwawa. Apa sipakufunika kupakiza ayi, mvula yakokolola munda ndi mizere yomwe. Mpaka pano palibe chithandizo cha stem cell chimene chakhala mankhwala a masiku onse a sitiroko. Chimene chimathandiza ndi kuyezetsa BP ndi kumwa mankhwala ake isanagwetse munthu, kuthamangira kuchipatala ikagwetsa, ndi mafizo, chifukwa mbali zotsala za ubongo zimatha kuphunzira ntchito ya mbali yakufa. Ntchito ya stem cell imene inakhazikika kalekale ndi ya matenda a magazi, kusintha mafuta a m'mafupa.

Ndanena zimenezi mwadala chifukwa cha timapaketi taufa timene tikugulitsidwa m'matauni mwathu ndi pa WhatsApp, tolembedwa kuti stem cell, tomwe akuti timachiza shuga, khansa, sitiroko ndi kusabereka nthawi imodzi. Azakhali anga anagulitsa mbuzi ziwiri chifukwa cha timapaketi totere. Selo yamoyo imene imafa bokosi lake likangozizira singakhale mu ufa wa m'chikwama cha munthu wa pa depoti, ndipo ikanakhalamo, m'mimba ikanagayidwa ngati ndiwo. Mukatuluka muno musakumbuke china chilichonse, kumbukani ichi, mukawauze akwanu.

Tsopano ndifike pa chimene ndakwerera phiri lino. Maselo a iPS ali ndi ntchito yachiwiri, ndipo kwa ife ndi yaikulu kuposa yoyamba ija. Ubongo wa munthu wamoyo sungautsegule kuti uone matenda akugwira ntchito. Koma mu 2013 ku Vienna, Madeline Lancaster ndi Jürgen Knoblich anaonetsa kuti maselo amenewa ukawalera bwino amaunjikana okha n'kupanga kanthu kangati njere ya nandolo, kokhala ndi zigawo zofanana ndi ubongo wa mwana wosabadwa. Amakatcha organoid. Sikaganiza, sikamva kuwawa, koma ukhoza kukapatsira matenda n'kumaonerera. Matenda a Zika atavuta ku Brazil, tinthu timeneti tinathandiza kuonetsa mu 2016 mmene kachilomboko kamaphera maselo obala ubongo wa khanda. Ena amapanga m'mbale mpanda wolekanitsa magazi ndi ubongo, umene umaletsa zoipa za m'magazi kulowa m'mutu.

Mpanda umenewu pali kachilombo kamene kamaudumpha, ndipo kwawo ndi kuno.

Amene mumachokera ku Hewe, Mwazisi, Bolero ndi midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Vwaza mumaidziwa kashembe ndipo mumawadziwa matenda a kaodzera amene imafalitsa. Kachilombo kake, Trypanosoma brucei rhodesiense, kanapatsidwa dzina mu 1910 kuchokera kwa munthu amene anakatenga m'chigwa cha Luangwa, kutsidya kwa malire athuwa. Kamayamba m'magazi, munthu n'kumati ndi malungo. Kenako kamalowa mu ubongo: tulo timasokonekera, usana kuodzera usiku maso gwa, khalidwe limasintha moti achibale amayamba kuganiza za misala kapena za anthu oipa. Popanda mankhwala mapeto ake ndi imfa. Kwa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, kuyambira 1949, mankhwala a gawo la mu ubongoli anali melarsoprol, jakisoni wokhala ndi poizoni wa arsenic, wowotcha mtsempha, amene payekha ankapha pafupifupi wodwala mmodzi mwa makumi awiri. Kuti adziwe gawo limene wafika, ankayamba akubaya pamsana kutenga madzi.

Kuyambira 2019 bungwe la DNDi, pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo ndi anzawo a ku Uganda, linayesa mapiritsi a fexinidazole, akumwa masiku khumi pamodzi ndi chakudya. Odwala 45 analowa m'mayesowo, ndipo ochuluka anali a kuno, pa chipatala cha boma cha Rumphi. Mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linapereka chigamulo chovomereza, ndipo mu 2024 WHO inasintha malangizo ake. Mumve bwino: umboni umene unasintha chithandizo cha matendawa mu Africa monse unasonkhanitsidwa ndi anamwino, madokotala ndi a labotale a m'boma lino, m'mawodi amene ena a inu munagonekamo abale anu. Wina akadzakuuzani kuti kafukufuku weniweni sangachitike ku Rumphi, mudzamufunse ngati anamvapo za fexinidazole.

Koma mafunso atsala, ndipo ndi a ubongo. Kachilomboka kamadutsa bwanji mpanda uja? Kakalowa kamawatani maselo oyang'anira tulo? Amene achira, ubongo wawo umabwerera mwakale, kapena pamatsala chipsera chimene palibe akuchiyeza? Ofufuza a ku yunivesite ya KUHeS aona kuti kaodzera wa ku Rumphi amathamanga ndi kuopsa msanga kuposa wa ku Nkhotakota, chonsecho dziko ndi limodzi. Kusiyanako kuli mwa kachilombo kapena mwa anthu? Mafunso awa sadzafunsidwa ku Lund kapena ku Kyoto, pakuti kumeneko kashembe sanawalumepo. Koma zida zowayankhira, mpanda wa m'mbale ndi organoid, zili kumeneko. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Malungo a mu ubongo nawonso ndi athu. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anapanga mu 1989 muyezo wa kukomoka kwa ana umene dziko lonse limautcha Blantyre Coma Scale. Mu 2015 gulu la Karl Seydel, pogwiritsa ntchito makina a MRI, linaonetsa kuti ana ambiri amene amamwalira ndi matendawa amafa chifukwa ubongo watupa mpaka kupanikiza malo oyendetsa kupuma. Mwa opulumuka, ena amatsala ndi khunyu, ena sukulu imawakanika. Kukonza ubongo kwa ife kukuyambira pa ana amenewa.

Pali chinanso. Maselo a iPS ochuluka amene ali m'mafiriji a dziko lapansi anachokera kwa anthu a ku Ulaya ndi zidzukulu zawo, pomwe majini a anthu a mu Africa ndi osiyanasiyana kuposa a kontinenti ina iliyonse. Izi sizachabe. Pali mtundu wina wa jini yotchedwa APOL1 umene umateteza ku kaodzera wathuyu koma umawonjezera ngozi ya matenda a impso, ndipo umapezeka mwa anthu a ku Africa. Mankhwala oyesedwa pa maselo a anthu ena okha akhoza kutidutsa. Ena ayamba kale kutseka mpata umenewu. Mahmoud Bukar Maina anaphunzira ku Sussex n'kukatsegula labotale ku Damaturu, kumpoto kwa Nigeria, kumene akupanga maselo a iPS a anthu akwawo. Janine Scholefield akugwira ntchito ndi maselo omwewa ku CSIR ku Pretoria. Damaturu si London, ndi tauni ya fumbi ndi dzuwa.

Apa ndichenjeze. Kupempha munthu magazi kuti maselo ake adzakhale ndi moyo iye atamwalira si nkhani yamasewera m'dziko limene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu mu 2017. Ndipo mantha a anthu ali ndi poyambira. Mu 1951 ku Baltimore madokotala anatenga maselo a mayi wachikuda, Henrietta Lacks, osamupempha, ndipo maselowo akugwirabe ntchito m'malabotale mpaka lero, banja lake linadzamva patapita zaka zoposa makumi awiri. Makomiti monga COMREC ndi NHSRC alipo kuti zotere zisachitike kuno. Komabe fomu yachingerezi yodindidwa chala si chilolezo. Pafunika munthu woti akhale pansi ndi gogo wa ku Katowo, amufotokozere m'Chitumbuka chomveka chimene chidzachitike ndi magazi ake, ndi kuvomera gogoyo akakana. Munthu ameneyo ndi mmodzi wa inu, osati ine.

Njira yake ndi yotani? Sindikunamizani, khomo ndi lopapatiza. Digiri yoyamba ikhale ya biology, chemistry, biomedical science, udokotala kapena za labotale, kaya mwaitenga pano pa Livingstonia, ku Mzuni, ku MUST, ku UNIMA kapena ku KUHeS, ndipo magiredi akhale abwino, chifukwa opereka ndalama amayamba kuyang'ana pamenepo. Kenako manja adziwe ntchito. Chaka chimodzi pa benchi ya labotale, ngakhale mongodzipereka, chimalemera kuposa masatifiketi khumi a misonkhano ya m'mahotela. Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre imatenga achinyamata ophunzira kafukufuku, ndipo pa Chilumba pompa, kumene kafukufuku wa khate anayambira mu 1979, pali MEIRU. Phunzirani kuwerengera pa kompyuta ndi R kapena Python, zimenezi zimangofuna laputopu ndi bando. Mabungwe a IBRO ndi TReND in Africa amachititsa maphunziro aafupi a sayansi ya ubongo m'maiko a mu Africa, ndipo Society of Neuroscientists of Africa ndi kumene mungakumane ndi anthu a ntchitoyi maso ndi maso.

Za masters, Beit Trust imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, choncho opikisana nawo ndi ochepa. Palinso Commonwealth, Rhodes ya ku Oxford, DAAD ya ku Germany ndi MEXT ya ku Japan imene imadzera ku ofesi ya kazembe wawo ku Lilongwe. Cape Town ili ndi Neuroscience Institute, ndipo Pretoria ili ndi sukulu ya Michael Pepper yofufuza za maselo. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti ku Sweden, Norway, Denmark ndi Netherlands, PhD ndi ntchito ya malipiro. Imalengezedwa poyera ngati ntchito ina iliyonse, ndipo Mmalawi ali ndi ufulu wofunsira.

Ndikuuzeni kupusa kwanga. Nditamaliza digiri ndinalemba kalata imodzi, yodzaza ulemu ndi madandaulo a umphawi, n'kuitumiza kwa mapulofesa oposa makumi atatu, kungosintha dzina pamwamba. Pena ndinaiwala n'kusintha komwe. Sanayankhe ndi mmodzi yemwe, ndipo ndinawakwiyira chaka chathunthu ndisanazindikire kuti wolakwa ndinali ine. Pulofesa si bungwe lachifundo. Akufuna munthu amene wawerenga ntchito yake ndipo wabwera ndi chinthu chimene iye alibe. Yerekezani kalata ya ndime zitatu yonena kuti: ndawerenga pepala lanu la mpanda wa ubongo wa m'mbale, ndimachokera m'boma limene muli kachilombo kodutsa mpanda umenewo, ndagwirapo ntchito mu labotale ya chipatala, ndikufuna kuphunzira njira yanu kuti ndikayese funso ili. Kalata yotere imawerengedwa mpaka pansi.

Wina afunsa, monga amafunsira nthawi zonse, ngati dziko limene panado amasowa m'zipatala liyenera kulota za stem cell. Funsolo ndi lachilungamo ndipo sindilipeputsa. Ndikanakhala ndi ndalama za unduna, ndikanayamba ndi makina oyezera BP, masikito ndi anthu a mafizo, ndipo ambiri a inu mudzathandiza ubongo wa Amalawi kudzera m'njira zimenezo. Sindikupempha kalasi yonse. Koma dziko lopanda ngakhale anthu asanu odziwa sayansi imeneyi silingathe kusiyanitsa mankhwala ndi ufa wa pa depoti, silingakambirane mwanzeru ndi alendo ofuna magazi a anthu ake, ndipo mafunso ake amadikira mpaka wina wakunja achite nawo chidwi. Robert Laws atasamutsira mishoni pa Khondowe pano mu 1894, anakoka madzi a m'mipope ndi magetsi paphiri pomwe ambiri ankati n'zosatheka, ndipo chipatala cha David Gordon Memorial chakhala chikulandira odwala kwa zaka zoposa zana. Malo ano anazolowera zinthu zooneka zosayenera malo ake.

Za kubwerera kumudzi sindikulumbiritsani, chifukwa moyo uli ndi zake, ndipo wobwerera kopanda firiji ndi magetsi odalirika amangodzakhala mphunzitsi wokhumudwa. Chimene ndikupempha n'chaching'ono. Musanalembe kalata iliyonse yopita kunja, pitani pa chipatala cha boma pa Rumphi, mupemphe chilolezo kwa akuluakulu, mukhale sabata imodzi ndi a labotale. Muone kachilombo ka kaodzera kakuvinavina pakati pa maselo a magazi pa maikulosikopu. Mucheze ndi munthu amene anachira, mumufunse mmene amagonera masiku ano. Mukatero mulembe funso lanu pa pepala limodzi, mubwere nalo kwa aphunzitsi anuwa alikonze.